Ku Mwanza, chikondi chimaonekera mwa wotsala

Ukawoloka mtsinje wa Shire pa Zalewa n'kukhotera kumanzere, msewu wa M6 umakukweza mapiri mpaka pa Mwanza, ndipo ukapitirira pang'ono wafika pachipata cholowera ku Mozambique. Tsidya linalo ndi Zobue. Kuchokera pamenepo msewu umatsetserekera ku Tete, kuwoloka Zambezi, kulowa m'Zimbabwe pa Nyamapanda, kutulukira pa Beitbridge, mpaka ku Johannesburg kumene tonse timangoti ku Joni. Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 130,000 m'boma la Mwanza, m'madera a mafumu monga Kanduku, Nthache ndi Govati, koma moyo wa patawuni pake umayendetsedwa ndi anthu odutsa.

Dzuwa likapendeka, mathiraki amandandalika m'mbali mwa msewu kudikira mapepala. Madalaivala ena amayatsa mbaula pafupi ndi matayala n'kutereka nsima. Osintha ndalama amayendayenda ndi mipukutu ya makwacha, metikali ndi marandi. M'nyengo yozizira amayi amaunjika manachesi timilutimilu, zipatso zimene zidatchukitsa bomali dziko lonse. Kuseri kwa magolosale kumamveka chimkuzamawu cha nyumba yoonetsera kanema: filimu ya ku Nigeria kapena ku India, wina akuimasulira m'Chichewa mokometsera, anyamata atathinana pamabenchi. Amene alibe yolowera amaima pakhomo kumvetsera. Amene ali ndi foni safunanso benchi, kanema ali m'manja mwake.

Mwana wokulira pano amaphunzira za chikondi kwa aphunzitsi awiri. Wina amamuphunzitsa Lamulungu kapena Lasabata, kwa maola awiri kapena atatu. Winayo amamuphunzitsa tsiku lililonse mpaka bandulo itatha. Ndipo zimene akuphunzitsa awiriwa n'zosiyana kwambiri kuposa momwe ife akuluakulu timaganizira.

Chimene kanema amaphunzitsa

Zinthu zasintha mofulumira. Television Malawi idayamba kuulutsa mu 1999, ndipo nthawi imeneyo mabanja ambiri akumudzi ankadalira wailesi basi. Kenaka kudabwera mafilimu a ku Nigeria pa matepi ndi ma CD, kudzabwera ma dishi ndi masewero osatha a pa Telemundo ndi Zee World, ndipo lero kuli Facebook, TikTok ndi WhatsApp. Agogo amene adafunsiridwa mbeta kudzera mwa amalume akulera mdzukulu amene akufunsiridwa ndi munthu amene sadamuonepo ndi maso.

Nkhani ya m'mafilimu ambiriwa ndi imodzi, amangoisintha zovala. Mtsikana wosauka, wokongola ndi wozunzika, akumana mwadzidzidzi ndi mwamuna wachuma. Maso aphana, nyimbo iyamba. Mwamunayo atsika m'galimoto, agula diresi, agula foni, athana ndi onse omuchitira nkhanza mtsikanayo. Akapsa mtima n'kumukoka dzanja mwaukali, filimu imatiuza kuti n'chifukwa choti amamukonda kwambiri. Nsanje imaoneka ngati umboni. Kukana kwa mtsikana kumaoneka ngati manyazi chabe amene atha mwamunayo akalimbikira. Pamapeto pali ukwati wa maluwa, ndipo mayina a osewera amayamba kukwera.

Kwa mtsikana wa kumudzi wakutali ndi msewu, nkhani yotere ndi loto. Ku Mwanza si loto, chifukwa mlendo wa galimoto ndi ndalama zakunja amafikadi, tsiku ndi tsiku, n'kuima pamsewu. Ndikunena izi mosamala. Madalaivala ambiri ndi abambo olemekezeka amene akuvutikira ana awo, amagona m'thiraki sabata zingapo ndipo amaimbira foni kunyumba usiku uliwonse. Koma aliponso amene amadziwa kuti mawa m'mawa mapepala akatuluka adzakhala ali ku Tete, ndipo palibe amene adzawafunse kanthu. Mtsikana wa Fomu 2 amene waonera nkhani ija kambirimbiri amamuzindikira munthu wotere ngati uja wa m'filimu. Akulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, koma filimu siitsegula mkuyuwo. Imathera pa tsiku la ukwati, kapena pa chithunzi cha pa Facebook chimene anthu mazana achikonda.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri m'nkhanizi si maliseche kapena kupsompsonana, zimene alaliki amakonda kudzudzula. N'chakuti chikondi chake chilibe mboni. Ndi cha anthu awiri okha, ndipo achibale akaonekamo amakhala adani: apongozi a mfiti, amalume adyera. Mulibe munthu amene angaitane mwamunayo n'kumukhazika pansi.

Yerekezani ndi chinkhoswe cha kwathu kuno. Mabanja awiri amakhala moyang'anana. Akuchimuna amabwera ndi tambala, akuchikazi ndi msoti, n'kusinthana. Pamkeka pamaikidwa khasu, nkhwangwa, lichero, mphika, chipande, ndipo chilichonse chili ndi mawu ake. Chachikulu pa tsikulo si zovala zofanana zimene masiku ano tikuzikonda, koma anthu awiri kapena anayi amene akuloza pachifuwa pawo kunena kuti ukwati uwu ukadwala, mudzatipeze ife. Ankhoswe ndiwo amadzutsidwa pakati pa usiku mwana akadwalika, ndiwo amamva mbali zonse ziwiri pakabuka mkangano. Mipingo yambiri siidalitsa ukwati popanda ankhoswe, ndipo pamenepa mwambo wa makolo ndi chiphunzitso cha mpingo zidagwirizana: wokonda mnzake amavomera kudziwika kwawo, amavomera kufunsidwa.

Kalata yopita kumzinda wa odutsa

Maukwati ambiri a kutchalitchi satha osawerengapo 1 Akorinto 13. Tidauzolowera mutuwu mpaka timauona ngati gawo la zokongoletsa, pamodzi ndi keke ndi maluwa. Koma Paulo sadaulembere akwati. Adaulembera mpingo wokangana, mumzinda umene anthu a ku Mwanza akadauzindikira msanga.

Korinto udali pakamtunda kopapatiza pakati pa nyanja ziwiri, ndi madoko awiri, lina kuvuma lina kuzambwe. Katundu ankatsika uku n'kukakwera uko. Mumzindamo munkadzaza amalinyero, amalonda, akapolo ndi anthu a zilankhulo zosiyanasiyana, ambiri ongogona masiku ochepa. Paulo adakhalako chaka ndi theka, ndipo atachoka adamva kuti Akhristu ake agawikana, akusumirana kumakhoti, ena akupita kwa akazi oyendayenda, ndipo pa Mgonero wa Ambuye olemera akukhuta pamene osauka akubwerera ndi njala. Kalata imene adalemba ali ku Efeso, chapakati pa zaka za m'ma 50, ikuyankha zimenezi. Pofotokoza chikondi satchula kugunda kwa mtima kapena kusowa tulo. Amakamba za khalidwe la munthu pa mnzake tsiku loipa: ngati amatha kudikira, ngati amasunga mangawa, ngati amafuna zake zokha, ngati amakondwa mnzake akagwa. Zonsezi sizingajambulidwe pa chithunzi. Zimadziwika ndi amene wakhala nawe zaka.

Ku Korinto komweko Paulo adasungidwa ndi banja la Akwila ndi Prisila, osoka mahema, amene adathamangitsidwa ku Roma pamene mfumu Klaudio adalamula kuti Ayuda achoke. Adali othawa kwawo. Baibulo silitiuza kuti adakumana bwanji, kapena kuti Prisila adali wokongola motani. Limangowatchula limodzi nthawi zonse, ku Korinto, ku Efeso, ku Roma, akugwira ntchito imodzi, mpingo ukusonkhana m'nyumba mwawo, ndipo Paulo akuti adaika moyo wawo pachiswe chifukwa cha iye.

Mwanza idawaonapo mabanja otere. Pa nkhondo ya ku Mozambique imene idatha mu 1992, anthu oposa miliyoni imodzi adathawira m'Malawi, ndipo midzi ya m'malire muno idagawana nawo minda, zitsime ndi manda. Kuyambira mu 2015 ena zikwizikwi adafikanso pa Kapise kuthawa ziwawa za m'chigawo cha Tete, asanasamutsidwire ku Luwani m'boma la Neno mu 2016. Mwamuna amene adayenda usiku m'thengo atasenza mayi a mkazi wake, mkazi amene adagawa kaufa kotsala n'kudzimana yekha, mwini mudzi amene adapereka khonde kwa anthu osawadziwa: palibe amene adawajambula ndi nyimbo kumbuyo, koma chimene Paulo ankanena n'chimenechi.

Baibulo silichita manyazi ndi chilakolako. Nyimbo ya Solomo ndi buku lathunthu la mwamuna ndi mkazi osiririka wina kwa mnzake, ndipo lili m'kati mwa Malemba amene timanyamula popita kutchalitchi. Yakobo adamukonda Rakele atangomuona pachitsime, monga momwe zimakhalira m'filimu. Kusiyana kwake n'kwakuti nkhaniyo siithera pachitsimepo. Adakhala kwa Labani, mpongozi wake, akuweta ziweto zaka 7, adanyengedwa, nagwiranso zina 7. Mkamwini aliyense wa kwa Nthache amene adalimapo munda wa apongozi akumvetsa zimenezi popanda womufotokozera. Koma pali nkhani ina imene siilalikidwa kawirikawiri, ya pa 2 Samueli 13. Amnoni, mwana wa Davide, adadwala nako kufuna Tamara, ndipo iye ankati ndi chikondi. Adamunyengerera kuti alowe m'chipinda, adamugwirira, ndipo atangotha adamuda koposa mmene adamufunira, n'kulamula wantchito kuti amutulutse ndi kutseka chitseko. Ndikadakhala ndi mphamvu, mutu umenewu ukadawerengedwa m'gulu lililonse la achinyamata, chifukwa atsikana ambiri amene atayidwa ndi mimba akudziwa kale mkokomo wa chitseko chimenecho, ndipo ayenera kumva kuti Mulungu adauona mlandu wawo n'kuulemba.

Pamkeka wa gadiyani

Amene akufuna kuona chikondi ndi maso apite pachipatala cha boma cha Mwanza mbandakucha, kumalo ophikirako odikirira odwala. Utsi uli tolo, mafuwa ali ndandanda, aliyense ndi kampoto kake. Ambiri ndi amayi, koma mumapezekanso bambo wachikulire akuvundula phala mosazolowera, atakwinya maso, chifukwa mayi a kunyumba ali m'wodi ndipo ana ali kutali. Usiku amayala mkeka kapena chitenje pansi pafupi ndi bedi. Amatembenuza wodwala, amachapa zoipitsidwa, amataya za m'beseni, amathamangira namwino. Munda uli pomwepo osapalira, manachesi akugwa okha. Munthu ameneyu mwina sadanenepo mawu okoma kwa mkazi wake pagulu, ndipo tsiku la 14 Febuluwale limamudutsa osalidziwa.

Mliri wa Edzi udatiphunzitsa zimenezi mowawa, makamaka m'matawuni a m'malire. Boma lisanayambe kugawa ma ARV aulere mu 2004, amene ankasambitsa odwala m'midzi adali akazi awo, amuna awo, agogo, ndi magulu a mipingo oyendera odwala kunyumba. Lero mankhwala alipo, ndipo kafukufuku wa 2020 mpaka 2021 adapeza kuti pafupifupi akuluakulu 9 mwa 100 alionse m'dziko muno ali ndi kachilombo ka HIV. Funso la chikondi lasanduka lina: kodi udzapita nane kukayezetsa? Kodi ukapezeka nako udzandiuza, kapena udzabisa botolo m'thumba la chimanga? Alipo mabanja amene mmodzi ali nako wina alibe, ndipo akukumbutsana nthawi ya mankhwala chaka ndi chaka. Mawu a malumbiro a ukwati onena za matenda ndi umphawi amatanthauza zimenezi.

Pali chinanso chimene sitiyenera kuchinyalanyaza. Mtsikana akanena kuti chikondi sichidyedwa, sakunama. Njala ndi yeniyeni, fizi ndi yeniyeni, sopo ndi weniweni. Paulo yemweyo, polembera Timoteo, adadzudzula mwamphamvu munthu wosasamalira a pabanja pake. Choncho Chikhristu sichiti ndalama zilibe malo m'chikondi. Chimene chimakana n'kugula munthu. Ndalama imene mwamuna wa ku Joni amatumiza pa Mukuru mwezi ndi mwezi, atadzimana nyama, kuti mwana asathamangitsidwe kusukulu, ndi chikondi. Foni imene chidyamakanda apatsa mwana wa sukulu ndi nyambo. Zonse ndi mphatso, ndipo filimu siisiyanitsa.

Za ku Joni nazo ndi bala lakale. Agogo athu ankapita ku Wenela, ena osabwerako mpaka kutchedwa matchona, ndipo akazi awo ankadikira kalata miyezi. Lero mabasi odzaza achinyamata amadutsa pa Mwanza sabata iliyonse, ndipo WhatsApp yafupikitsa mtunda. Koma foni yomweyo imene imalola bambo kuona mwana wake akuyamba kuyenda, imaonetsanso mkazi wotsala chithunzi cha mwamuna wake atakumbatira wina. Kunjaku anthu amangoti mwamuna ndi kabudula amathera moyenda, ngati kuti nkhani yatha. M'Malemba mulibe lamulo lina la amuna, lina la akazi. Kukhulupirika kumene tikuyembekeza kwa mayi wotsala ku Thambani n'komwenso Mulungu akufuna kwa bambo ali ku Johannesburg.

Pamene mpingo uyenera kudziyang'ana

Kukadakhala kosavuta kuloza chala kanema n'kuthera pomwepo. Koma anthu pafupifupi 77 mwa 100 alionse m'Malawi adauza owerenga anthu mu 2018 kuti ndi Akhristu. Ngati mabanja akuphwasuka ndipo ana akukwatiwa, zikuchitika pakati pathu, ife odzaza matchalitchi.

Mawu amene tawawononga kwambiri ndi akuti kupirira. Mayi akabwera ndi diso lotupa, alangizi ena amamuuza kuti banja ndi kupirira, abwerere akagonjere. Timawerenga Aefeso 5 mokweza pa ndime ya akazi, n'kutsitsa mawu tikafika pamene amuna akulamulidwa kukonda akazi awo mpaka kudzipereka monga adachitira Khristu. Ndime imeneyo siipatsa mwamuna ndodo, imamupatsa mtanda. Kupirira umphawi limodzi, kupirira matenda, kupirira zofooka za mnzako, n'Chikhristu. Kupirira zibakera mpaka kufa si chimene Paulo adalemba. Malawi ali ndi lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006, ndipo kupolisi kuli ofesi yothandiza ozunzidwa. Papa Francis, m'chikalata chake cha Amoris Laetitia cha 2016, adavomereza kuti nthawi zina kupatukana kumakhala kofunika pofuna kuteteza wozunzidwa ndi ana. Nkhoswe kapena mkulu wa mpingo amene aperekeza mayi womenyedwa kupolisi sadaphwanye banja. Amene adaliphwanya ndi womenyayo. Filimu imati nsanje yaukali ndi chikondi, ndipo ife tikamuuza mayiyo kuti apirire tavomerezana nayo.

Chimodzimodzi pa ana. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti amayi 42 mwa 100 alionse a zaka 20 mpaka 24 adakwatiwa asanakwanitse zaka 18. Lamulo la maukwati la 2015 lidaika zaka 18, ndipo mu 2017 Nyumba ya Malamulo idasintha malamulo aakulu a dziko kuti agwirizane nalo. Komabe mtsikana akatenga mimba, makolo ena opemphera amathamangira kukamutula kwa mnyamata kuti achotse manyazi. Mtsikanayo ndiye amaimitsidwa kumpingo, chifukwa mimba siibisika, pamene mnzakeyo akuimbabe kwaya. Yosefe wa pa Mateyu 1, atapeza kuti Mariya ali ndi pakati posadziwa iye, choyamba chimene adaganiza chidali kumuteteza kuti asanyozeke poyera. Boma limalola mtsikana kubwerera kusukulu akabereka. Mpingo umene umamulerera khanda kuti akalembe mayeso walalika za chikondi momveka kuposa ulaliki uliwonse.

Ngakhale ukwati woyera tauveka zovala za pa kanema. Pali chinkhoswe cha holo, bridal shower, galimoto zokongoletsa, wojambula, wolengeza perekaniperekani. Achinyamata awiri okondana moona amawerengera mtengo wake n'kungolowana, akuti tidzadalitsa tikapeza ndalama, ndipo zaka zimapita ali kunja kwa Mgonero. Ena amakongola ku banki m'khonde kapena kwa akatapila, n'kuyamba banja ndi ngongole. Pamaso pa Mulungu ndi pa lamulo chofunika ndi awiriwo, mboni ndi wodalitsa. Maparishi ndi mipingo imene imadalitsa maukwati angapo tsiku limodzi, anthu atavala zimene ali nazo, ikuchita bwino, ndipo abusa ayenera kunena poyera kuti ukwati wa anthu khumi ndi mpunga wa pakhomo ndi wathunthu. Za alaliki ena a pa TV amene amalonjeza mwamuna wolemera kwa wopereka chopereka chachikulu, ndingoti akugulitsa filimu yomwe ija atangoiika dzina la Yesu.

Kanema payekha si mdani. Sewero la Tikuferanji pa MBC lidalowetsa nkhani za Edzi ndi kukhulupirika m'nyumba zimene makolo sankatha kuziyamba, ndipo Zimachitika ya Story Workshop idachita chimodzimodzi pa wailesi. Radio Maria yakhala ikuulutsa kuchokera ku Mangochi kuyambira 1999, Luntha TV ili ku Balaka, Trans World Radio ili ndi mapologalamu a mabanja. Olemba masewero athu akadalimba mtima n'kutipatsa nkhani imene ikuyambira pa tsiku la ukwati, kutsatira banjalo pa chaka cha njala, pa imfa ya mwana, pa kukhululukirana kovuta, anthu akadaonera, chifukwa akadadziona okha.

Kuletsa foni sikungatheke, ndipo kholo limene lalanda imodzi limapeza kuti mwana akuonera ya mnzake. Chotheka n'kukhala naye pansi, kuonera limodzi, n'kufunsa: mwamuna uyu kwawo n'kuti? Wamuona akugwira ntchito yanji? Mtsikanayu atati ayi, chidachitika n'chiyani? Atsikana ali nako kofunsa, ngakhale kochepa: amayi a Mvano ku CCAP, a Dorika kwa a Adventist, amayi a Chikatolika m'malimana, alangizi, azakhali. Anyamata ndiwo tawasiya. Mnyamata wa kabaza wa zaka 19 pa Mwanza boma amalangizidwa za banja usiku umodzi wokha ukwati utatsala pang'ono, ngati walangizidwa n'komwe, pamene wakhala pabenchi ya kanema kuyambira ali Sitandade 4. Magulu a abambo m'mipingo yathu amakumana, amasonkha za malata a tchalitchi, amakonza za maliro. Akadapatula Loweruka limodzi pamwezi kukhala ndi anyamatawa, ndipo bambo uja wovundula phala kuchipatala n'kuwafotokozera momwe amamutembenuzira mkazi wake osamupweteka, ndi chifukwa chake sadachoke.